Ndalama za Mafumu a ku Roma: Cithunzi ndi Siliva

Omvera athu, makamaka inu ana a m'masukulu a sekondale pamodzi ndi aphunzitsi anu, tiyambe nkhani yathu ya lero ndi funso laling'ono limene mungathe kukafunsa agogo anu kumudzi. Dziko lathu lisanayambe kugwiritsa nchito Kwacha ndi Ngwee m'mwezi wa January 1968, anthu anali kugula ndi mapaundi, masileni ndi makobiri. M'sitolo mtengo wa tiki unali kulembedwa 3d, wa susu 6d. Nanga lemba limeneli la d linacokera kuti, popeza m'Cingerezi dzina la kobiri liyamba ndi p? Agogo ambiri adzakuuzani kuti anangolipeza cotero. Koma d ameneyu aimira denarius, ndalama yasiliva ya Aroma akale. Angerezi analisunga lembalo zaka mazana ambiri ufumu wa Roma utatha kale, ndipo potsiriza analifikitsa ngakhale m'masitolo a ku Fort Jameson ndi ku Petauke. Ndalama imeneyi ndi zinzake ndizo tifuna kuziyang'anitsitsa lero.

Ufumu wa Roma, pamene unafika pacimake, unayambira ku Britain kufikira ku Egypt, ndi ku Spain kufikira ku Syria. M'dziko lalikulu cotero munalibe wailesi, munalibe nyuzipepala, ndipo anthu ambiri sanali kudziwa kuwerenga. Mlimi wa ku Gaul kapena wamalonda wa ku Syria anabadwa, nakalamba, nafa osaiona mfumu yake ndi maso. Koma nkhope ya mfumuyo anaidziwa, pakuti inali m'thumba mwake. Ife amene tigwira nchito ya wailesi tidziwa kubvuta kwake kwa kufikitsa mau ku mudzi uliwonse. Mafumu a Roma anapeza njira yao m'kacitsulo kakang'ono kobulungira, kamene munthu aliyense anali kukafuna ndipo panalibe wokataya. Komatu ndalama iliyonse inali kulankhula pawiri. Cithunzi ndi malemba zinali kunena zimene mfumu inafuna kuti anthu akhulupirire. Citsulo cimene ndalamayo inasulidwa naco cinali kunena za m'nkhokwe ya boma monga momwe zinalili. Wophunzira mbiri ayenera kuchera khutu ku mau onse awiri, ndipo adzaona kuti kawirikawiri sagwirizana.

Denarius inayamba kusulidwa ca m'ma 211 B.C., pa nthawi ya nkhondo ya Aroma ndi Hannibal wa ku Carthage. Masiku amenewo Roma analibe mfumu. Anali kulamulidwa ndi bwalo la akulu lochedwa Senate pamodzi ndi atsogoleri osankhidwa caka ndi caka, ndipo dzina lakuti mfumu linali lonyansa m'makutu a Aroma. Cotero kumaso kwa denarius yoyamba kunali mutu wa mkazi wobvala cisoti cankhondo, woimira mzinda wa Roma, ndi kumbuyo milungu iwiri yamapasa, Castor ndi Pollux, itakwera akavalo. Nyumba yosulira ndalama inali pafupi ndi kacisi wa mulungu wamkazi Juno Moneta pa phiri la Capitol, ndipo ku dzina lakuti Moneta ndiko kunacokera liu la Cingerezi lochulira ndalama. Kusulako kunali kwa manja. Mmisiri anali kuzokota cithunzi pa zidindo ziwiri zacitsulo colimba. Wina anali kuika kaphanthi ka siliva pakati pa zidindozo, namenya ndi nyundo. Ndalama mamiliyoni ambiri zinapangidwa motero, imodzi imodzi. Nchitoyi inali kuyang'aniridwa ndi acinyamata atatu a m'mabanja omveka, ndipo m'kupita kwa nthawi iwo anayamba kujambulapo makolo ao amene anafa kale, pofuna kukweza maina a mabanja ao. Koma nkhope ya munthu wamoyo panalibe amene analimba mtima kuiikapo.

Amene anaswa mwambowu ndi Julius Caesar. Kuciyambi kwa caka ca 44 B.C. munatuluka m'Roma mwenimweni denarius yokhala ndi mutu wake: munthu wowonda, wa khosi lamakwinya, wobvala nkhata ya masamba. Pa zina mwa ndalamazi panalembedwa DICT PERPETVO, kutanthauza wolamulira kwa moyo wake wonse. Kwa Aroma ici cinali cinthu ca mafumu a Agiriki a kum'mawa, amene anali atayamba kale kudzijambula pa ndalama. Sipanapite nthawi. Pa 15 March caka comweco Caesar anabayidwa ndi mipeni pa msonkhano wa Senate. Sitinganene kuti anafera ndalamayo yokha, pakuti adani ake anali ndi zifukwa zambiri, koma ndalamayo inaika poyera cimene iwo anali kuopa.

Tsono tamvani cimene anacita Brutus, mmodzi wa atsogoleri a ciwembuco. M'caka ca 42 B.C., ali ndi gulu lake la nkhondo ca ku Greece, anasula ndalama yolipirira asilikari. Kumbuyo kwake anaikako mipeni iwiri, pakati pake kapusi kamene kapolo anali kubvala pa tsiku lomasulidwa, ndipo m'munsi malemba akuti EID MAR, ndilo tsiku lija la 15 March. Tanthauzo lake n'losabisika: ndi mipeni iyi tinamasula dziko. Koma mukaitembenuza ndalamayo, kumaso mupeza mutu wa Brutus mwini wake. Munthu amene anapha mnzake cifukwa ca kudzikuza ngati mfumu anacita comweco zisanathe zaka zitatu. Kwa ine, palibe ndalama ina imene ionetsa bwino cotere kuti boma lakale la Roma linali litafa, ngakhale m'mitima ya amene anati alimenyera nkhondo. Brutus anagonja pa Philippi caka comweco nadzipha. Ndalama zake zamtunduwu zatsala zowerengeka. Imodzi yagolide inagulitsidwa ku London m'caka ca 2020 pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, koma pambuyo pake kunadziwika kuti inatulutsidwa m'dziko mwakuba, ndipo m'caka ca 2023 inabwezedwa ku Greece.

Amene anatsala ndi ufumu wonse ndi Octavian, mdzukulu wa mlongo wake wa Caesar, amene Caesar anamlemba kukhala mwana wake. Iye anagonjetsa Mark Antony ndi Cleopatra pa Actium m'caka ca 31 B.C., ndipo m'caka ca 27 B.C. Senate inampatsa dzina lakuti Augustus. Munthu ameneyu anaphunzirapo kanthu pa imfa ya Caesar. Sanadziche mfumu, sanabvale cisoti cacifumu, anati iye ndi woyamba cabe pakati pa nzika. Koma pa ndalama analembapo DIVI F, mwana wa mulungu, popeza Senate inali italengeza kuti Caesar wasanduka mulungu. Ndipo pa zina anajambulapo nyenyezi yamcira imene inaoneka m'caka ca 44 B.C., imene anthu anati ndiwo mzimu wa Caesar ukukwera kumwamba. Augustus anafa m'caka ca A.D. 14 ali ndi zaka 75, koma pa ndalama zake sanakalambe konse. Wolemba mbiri Suetonius atiuza kuti mano ake anali aang'ono ndi oipa, ndi kuti thupi lake linali lodwaladwala. Anthu a m'maiko akutali anangodziwa mwamuna wa nkhope yosalala, wodekha, amene zaka sizinamkhudze.

Kumbuyo kwa ndalama za Augustus ndiko kuli nzeru zake zenizeni. Atalanda Egypt anasula denarius m'caka ca 28 B.C. yokhala ndi ng'ona ndi mau awiri okha, AEGVPTO CAPTA, Egypt wagwidwa. Taonani kuti dzina la Antony palibe. Nkhondo ija inali yapaciweniweni, Mroma kupha Mroma mnzake, koma ndalama inaisandutsa nkhondo yogonjetsa dziko lacilendo la ng'ona. Citsanzo cina ndi ca Aparthia a kum'mawa. M'caka ca 53 B.C. iwo anaphwanya gulu la nkhondo la Crassus pa Carrhae, nalanda mbendera zake, cinthu cimene Aroma anaciyesa manyazi aakulu. Augustus anazibweza mbenderazo m'caka ca 20 B.C. mwa kukambirana, popanda kumenya nkhondo ndi Aparthia. Koma ndalama zimene zinatuluka zionetsa munthu wa ku Parthia atagwada, akupereka mbendera monga wogonja. Bodza lenileni palibe, pakuti mbendera zinabwereradi. Kugwadako ndiko kwa mmisiri wozokota cidindo.

Augustus ndiyenso anakhazikitsa dongosolo la ndalama limene linakhala zaka zoposa 200. Aureus yagolide inali madenarius 25. Denarius imodzi inali masestertius anai, ndipo sestertius, ndalama yaikulu yamkuwa wosakaniza, inali maas anai. As inali kobiri yamkuwa weniweni, ya pamsika. Pa khoma lina la mzinda wa Pompeii panalembedwa kuti cikho ca vinyo wamba cinali as imodzi. Msilikari wa m'magulu aakulu anali kulandira madenarius 225 pa caka, ndipo Domitian anakweza malipirowo kufika pa 300. Apa m'pofunika kumvetsa: cifukwa cacikulu cimene boma linali kusulira ndalama cinali kulipira asilikari. Iwo ndiwo anali oyamba kuona cithunzi catsopano ciliconse, ndipo iwo ndiwo anali ndi mphamvu ya kuika mfumu kapena kuicotsa.

Ambiri a inu munakumana kale ndi denarius m'chalichi osadziwa. M'Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 12, anthu afunsa Yesu za msonkho wa Kaisara, ndipo iye apempha kuti amuonetse ndalama, nafunsa za cithunzi ndi malemba ali pamenepo. Ndalama imene ichulidwa m'nkhaniyo ndi denarius, ndipo mfumu ya nthawiyo inali Tiberius, amene analamulira kuyambira A.D. 14 kufikira 37. Denarius yodziwika ya Tiberius ili ndi mutu wake ndi malemba omucha mwana wa Augustus mulungu, ndipo kumbuyo amucha mkulu wa ansembe. Kwa Myuda, amene cilamulo cake cinaletsa mafano, kacitsulo kotere sikanali kanthu wamba kogulira nsomba. Funso la msonkho linali lakuthwa cifukwa ca zimene zinali pa ndalamayo.

Mfumu imene mbiri yake ingathe kuwerengedwa pa ndalama ngati m'buku ndi Nero. Analowa ufumu m'caka ca 54 ali ndi zaka 16, mwa mphamvu ya amai ake, Agrippina. Pa ndalama zoyamba mai ndi mwana ayang'anizana maso ndi maso, ndipo dzina lolembedwa kumaso ndi la mai. La mfumu lili kumbuyo. Caka cotsatira mitu iwiriyo iyang'ana mbali imodzi, wa Nero patsogolo, ndipo dzina la Agrippina lapita kumbuyo. Pambuyo pake mutu wa maiyo suonekanso, ndipo m'caka ca 59 Nero anawaphetsa. Nkhope ya Nero nayo inka isintha. Kamnyamata kowonda kasanduka munthu wa masaya otupa ndi khosi lonenepa, ndipo amisiri sanabise zimenezi, mwina cifukwa mwini wake anaziyesa zokongola. Masestertius a Nero ali m'gulu la ndalama zokongola koposa zimene Aroma anasula. Pa ina pali doko la Ostia ndi zombo zake, zojambulidwa mwaluso m'kamalo kocepa ngati cikhatho ca mwana.

Koma Nero yemweyo ndiye anayamba kukhudza citsulo. M'caka ca 64, caka cimene moto unatentha gawo lalikulu la Roma, anacepetsa kulemera kwa ndalama. Kale paundi imodzi ya Aroma ya siliva inali kutulutsa madenarius 84. Tsopano inayamba kutulutsa 96, ndipo m'silivamo anayamba kusakanizamo mkuwa. Cithunzi sicinanene kanthu za ici. Anthu anadziwa okha. Anayamba kubisa ndalama zakale ndi kugulira zatsopano. Tacitus, polemba m'caka ca 98, anati mitundu ya ku Germany inali kukonda ndalama zakale za nthawi imene Roma analibe mafumu. Ku India wakummwera, kumene Aroma anali kugula tsabola ndi ngale, kwafukulidwa madenarius ambiri a Augustus ndi Tiberius, koma a pambuyo pa kusintha kwa Nero apezeka ocepa. Wamalonda wa ku India sanali kuwerenga Cilatini. Anali ndi sikelo.

Nero atadzipha m'caka ca 68, mafumu anai anatsatizana m'caka cimodzi ca 69: Galba, Otho, Vitellius ndi Vespasian. Apa ndipo tiphunzira kuwerenga malemba a pa ndalama cotembenuza. Otho analamulira miyezi itatu yokha, yonse ya nkhondo, koma ndalama yake iti PAX ORBIS TERRARVM, mtendere wa dziko lonse lapansi. Vitellius anajambula manja awiri ogwirana, nalemba FIDES EXERCITVVM, kukhulupirika kwa magulu a nkhondo. Asilikari ake ambiri anamthawa, ndipo anaphedwa m'December caka comweco. Patapita zaka, Nerva, nkhalamba imene inalowa ufumu m'caka ca 96, nayenso anajambula manja ogwirana ndi mau akuti CONCORDIA EXERCITVVM, mgwirizano wa asilikari. M'caka ca 97 asilikari omulonda anazinga nyumba yake yacifumu namkakamiza kupereka anthu amene anapha Domitian. Mfumu imene asilikari ake aimvera sifunika kulengeza zimenezo pa ndalama. Malemba otere ali ngati pemphero: anena cimene cikusoweka.

Vespasian, amene anapambana, anadzionetsa monga momwe analili, wadazi, wamakwinya, nkhope ya msilikari wokalamba, kuti anthu aone kuti masiku a Nero atha. Iye ndi mwana wake Titus anaphwanya kuukira kwa Ayuda, ndipo Jerusalem ndi kacisi wake zinaonongedwa m'caka ca 70. Kuyambira caka ca 71 kunatuluka ndalama zambirimbiri za IVDAEA CAPTA: mkazi wakhala pansi pa mtengo wa kanjedza, wagwira mutu, akulira. Izi zinali kupita m'manja mwa anthu a m'ufumu wonse, ndi Ayuda omwe. Koma ogonjetsedwa nawo anadziwa cinenero ca ndalama. Pamene Ayuda anaukiranso pansi pa Bar Kokhba, kuyambira 132 kufikira 135, anatenga ndalama za Aroma, napala nkhope za mafumu, nadindapo zithunzi zao, monga khomo la kacisi uja anagwetsedwa, ndi malemba a Cihebri onena za ufulu wa Jerusalem. Pa zina mwa ndalamazi, mukayang'anitsitsa, mphuno kapena cibwano ca mfumu ya Roma cikali kuoneka pansi pa cithunzi catsopano.

Mfumu imene Bar Kokhba anaiukira inali Hadrian, yoyamba kuoneka pa ndalama ndi ndebvu zodzaza, ndiponso yoyendayenda koposa onse. Anasula ndalama zokumbukira maiko amene anacezako, dziko lililonse lojambulidwa ngati munthu. Pa imodzi palembedwa AFRICA. Ndi mkazi wotsamira pansi, kumutu wabvala cikopa ca mutu wa njobvu, citamba ndi minyanga yomwe, m'dzanja wagwira cinkhanira, ndipo pafupi pali dengu la ngala za tirigu. Musasokonezeke: Africa wa Aroma sanali kontinenti yonse, koma cigawo ca kumpoto cozungulira Carthage, kumene lero kuli Tunisia. Dengu lija linena cimene Roma anali kufuna kumeneko, pakuti tirigu wa cigawoci ndiye anali kudyetsa mzinda wa Roma. Kumpoto kwa Africa komweko, mu mzinda wa Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya, kunabadwira Septimius Severus, amene anakhala mfumu ya Roma kuyambira 193 kufikira 211.

Pa nthawi ya Severus siliva wa m'denarius anali atatsika kufika pafupifupi theka. Iye anakweza malipiro a asilikari, mwana wake Caracalla nawakwezanso, koma migodi sinatulutse siliva wokwanira malipiro otere. M'caka ca 215 Caracalla anatulutsa ndalama yatsopano imene akatswiri aicha antoninianus. Pa ndalamayi mfumu ibvala cisoti ca nsonga ngati kuwala kwa dzuwa, cizindikiro cakuti mtengo wake ndi wowirikiza kawiri. Koma kulemera kwake kunali kwa denarius imodzi ndi theka. Boma linali kudya theka la denarius pa ndalama iliyonse, ndipo cisoti ca dzuwa ndico cinaphimba kubako.

Zaka za pakati pa 235 ndi 284 zinali za cipwirikiti. Mafumu oposa 20 analowa ndi kutuluka, ambiri ophedwa ndi asilikari ao omwe, ndipo adani anali kulowa m'malire kumpoto ndi kum'mawa. M'caka ca 248 Philip anacita cikondwerero ca zaka 1,000 za mzinda wa Roma, nasula ndalama zokhala ndi nyama zimene zinaonetsedwa m'bwalo la masewera: mkango, mvuu, mphoyo ndi zina. Caka cotsatira anaphedwa. M'caka ca 260 mfumu Valerian inagwidwa yamoyo ndi Shapur wa ku Persia. M'masiku a mwana wake Gallienus siliva wa mu antoninianus sanafike ngakhale magawo asanu pa 100 alionse. Inali ndalama yamkuwa yokutidwa ndi kasiliva kopyapyala, kamene kanali kufufutika itangoyenda m'manja pang'ono. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pa tindalama tomweti mupeza mau akuti PAX AETERNA, mtendere wosatha, ndi VBERITAS, kuculuka kwa dzinthu. Zithunzi nazo zinaipa, pakuti amisiri anali kuthamangira kuculukitsa; zidindo zinali kugwira nchito mpaka kutha, ndipo nkhope za mafumu zinayamba kufanana.

Komabe tisanyoze tindalama ta nthawi imeneyi, cifukwa nthawi zina ndito tokha tasunga mbiri. Munthu aliyense wolanda ufumu, ngakhale kwa masabata owerengeka, anali kufulumira kusula ndalama, pakuti popanda nkhope yake pa malipiro a asilikari sanali mfumu. M'caka ca 1900 ku France kunapezeka kandalama ka mfumu yochedwa Domitianus, imene mabuku akale sanaichule kuti inalamulirapo. Akatswiri ambiri anati n'kacinyengo. M'caka ca 2003 munthu wina wofunafuna zitsulo m'munda pa Chalgrove, pafupi ndi Oxford ku England, anafukula mphika wa ndalama pafupifupi 5,000 zomatirirana, ndipo pakati pake panali kandalama kaciwiri ka Domitianus yemweyo. Kanali katakhala m'nthaka zaka zoposa 1,700, kotero kuti panalibe wakuti akanakapeka. Motero munthu amene anadzicha mfumu ku Gaul ca m'ma 271 anabwezedwa m'mbiri ndi tizitsulo tiwiri. Mphikawo uli ku Ashmolean Museum ku Oxford. Mwini wake anaukwirira nthawi ya mabvuto, ndipo sanabwerenso kudzaufukula.

Aurelian anayesa kukonza zinthu, ndipo anakumana ndi kuukira kwa anchito a m'nyumba yosulira ndalama ya m'Roma, kumene kunathetsedwa ndi mwazi. Diocletian, amene analamulira kuyambira 284 kufikira 305, anasintha ndalama zonse, ndipo m'caka ca 301 anaika lamulo la mitengo ya zinthu zoposa 1,000, wolakwira cilango cake imfa. Lamulolo silinagwire nchito. Katundu anangosowa pamsika. Pa ndalama za nthawiyi mafumu anai amene anagawana ufumu ajambulidwa mofanana, mitu yaikulu, makosi onenepa, maso otong'oka, kotero kuti popanda kuwerenga dzina simungawasiyanitse. Uku sikunali kulephera kwa amisiri. Uthenga unali wakuti ufumu ndi umodzi, ndipo munthu wokhala pampando alibe kanthu.

Za Constantine mabuku ambiri a sukulu anena mwacidule kuti anatembenukira ku Cikristu m'caka ca 312, pa nkhondo ya pa mlatho wa Milvian. Ndalama zake zitionetsa kuti nkhaniyo inayenda pang'onopang'ono. Kwa zaka zingapo pambuyo pa 312 zinapitiriza kutuluka ndi cithunzi ca mulungu wa dzuwa ndi mau akuti SOLI INVICTO COMITI, omucha dzuwa losagonjetseka, bwenzi la mfumu. Cizindikiro ca Kristu, malemba awiri a Cigiriki opingasana, cioneka kakang'ono pa cisoti ca mfumu pa mendulo yasiliva yosulidwa ku Ticinum m'caka ca 315. Ca m'ma 327 ndipo ku Constantinople kunatuluka ndalama ya mbendera yokhala ndi cizindikiroco pamwamba, thunthu lake litabaya njoka. Constantine anali kulamulira asilikari ndi anthu amene ambiri a iwo sanali Akristu, ndipo anadziwa kuti ndalama ilowa m'nyumba ya aliyense.

Cimene Constantine anakonza ndithu ndi golide. Ca m'ma 310 anayambitsa solidus, ndalama yagolide wabwino, 72 pa paundi imodzi ya Aroma, yolemera magalamu pafupifupi anai ndi theka. Ku ufumu wa kum'mawa, wa Constantinople, ndalamayi inasunga kulemera ndi ubwino wake zaka pafupifupi 700. Ndiyo mwini wa lemba la s limene agogo anu anali kulemba poimira sileni, monganso cizindikiro ca paundi cinacokera ku L wa libra, paundi ya Aroma yoyezera kulemera. Koma solidus inali ya boma, ya akuluakulu a nkhondo ndi eni minda ikuluikulu. Munthu wamba anatsala ndi tindalama tamkuwa timene mtengo wake unali kugwa kosaleka. M'caka ca 348 ana a Constantine anatulutsa zamkuwa zatsopano zolembedwa FEL TEMP REPARATIO, kubwerera kwa masiku a cimwemwe, zambiri zokhala ndi msilikari wa Roma akubaya mdani wogwa pa kavalo. Zisanathe zaka khumi zinali zitacepa msinkhu ndi kulemera, ndipo zinasulidwa zoculuka cotero kuti lero zili m'gulu la ndalama za Aroma zosabvuta kupeza.

Mfumu yotsiriza ya kumadzulo inali kamnyamata, Romulus Augustulus, kamene atate wake anakaika pampando m'caka ca 475. M'caka ca 476 mkulu wa asilikari wochedwa Odoacer anakacotsa, nakatumiza kukakhala ku Campania, osaikanso mfumu ina m'malo mwake. M'miyezi yocepa imeneyo amisiri anali atasula kale masolidus m'dzina la mnyamatayo. Golide wake ndi wabwino. Kumaso aoneka atabvala cisoti cankhondo, mkondo uli paphewa, cishango kudzanja. Kumbuyo kwaima mkazi wamapiko wogwira mtanda wautali, ndipo malemba ozungulira ayamba ndi liu lakuti VICTORIA, cigonjetso.